Kuchokera ku Guam kukafika ku Tokyo pa ndege: mafunso ndi mayankho

Guam ndi kachilumba ka kumadzulo kwa nyanja ya Pacific. Pa mapu ambiri kamangooneka ngati kadontho, ndipo ena amakadumpha osakalemba n'komwe. Amene amafunsa za mtunda wochokera kumeneko kukafika ku Tokyo nthawi zambiri amangofuna nambala imodzi. Nambalayo ilipo, ndipo tiyamba nayo. Koma ikangotchulidwa pamabuka mafunso ena, chifukwa mtunda umenewu ndi umene wakhala ukulamula zambiri pa moyo wa chilumbachi: alendo amene amabwerako, nkhondo imene inachitikirako, ngakhale njira imene eni ake amadzera popita ku United States, dziko limene limawalamulira.

Kodi kuchokera ku Guam kukafika ku Tokyo ndi mtunda wautali bwanji?

Ndi makilomita pafupifupi 2,500, kapena kuti mamailosi pafupifupi 1,560. Uku ndi kuyeza molunjika, kuchokera pa bwalo la ndege la Antonio B. Won Pat ku Guam kukafika pa bwalo la Narita.

Kwa amene anakwerapo ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Addis Ababa, mtunda wake ndi pafupifupi womwewo, chifukwa umenewo ndi wa makilomita pafupifupi 2,600. Maulendo awiriwa amafanananso kwina: onse amayambira kumwera n'kulowera kumpoto. Guam ili pa madigiri 13 ndi theka kumpoto kwa ikweta, pomwe Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwake. Kusiyana kwake n'kwakuti wopita ku Addis Ababa akasuzumira pawindo amaona nthaka, pomwe wochoka ku Guam amaona madzi okhaokha mpaka atatsala pang'ono kutera.

Dziko lapansi ukalizungulira lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000. Ndiye kuti ulendo wa Guam ndi Tokyo ndi gawo limodzi mwa magawo 16 a mtunda umenewo.

Kwina ndaona atalemba 1,350. Akunama ndani?

Palibe akunama. Ameneyo walemba mamailosi a panyanja, omwe oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amagwiritsa ntchito. Mailosi wamba ndi mamita 1,609, koma ya panyanja ndi mamita 1,852. Makilomita 2,500 mukawagawa ndi 1.852 mupeza 1,350. Oyendetsa ndege amakonda muyeso umenewu chifukwa umagwirizana ndi mizere ya pa mapu: digiri imodzi yolowera kumpoto kapena kumwera ndi mamailosi a panyanja 60, omwe ndi makilomita pafupifupi 111. Tokyo ili madigiri 22 kumpoto kwa Guam. Chulukitsani 22 ndi 111, mupeza 2,442. Makilomita otsalawo akubwera chifukwa Tokyo yapendekera kumadzulo pang'ono, ndi madigiri anayi kapena asanu.

Nambala zimathanso kusiyana ndi makilomita 10 kapena 20 malinga ndi poyambira kuyeza. Wina amayambira mu mzinda wa Hagåtña, likulu la Guam, wina pa bwalo la ndege. Zimenezo zisakusokonezeni.

Ulendo wake ndi wa maola angati?

Pa tikiti mudzaona pakati pa maola atatu ndi theka ndi maola anayi. Ndege zonyamula anthu zikafika m'mwamba zimathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndiye mwa masamu okha makilomita 2,500 akanatha m'maola atatu. Koma ndege siyamba ndi liwiro limenelo. Imayenda kaye pansi kufuna msewu wonyamukira, imakwera pang'onopang'ono, potsika imachepetsanso liwiro, ndipo ku Tokyo nthawi zina imadikira mpata chifukwa ndege zimachuluka. Komanso m'mlengalenga muli njira zake zimene oyang'anira kayendedwe ka ndege amapereka, ndipo sizikhala zowongoka ngati ulusi.

Kodi kupita ndi kubwerera kumatenga nthawi yofanana?

Pa njira imeneyi kusiyana kwake n'kochepa, mphindi zowerengeka chabe. Anthu amafunsa funsoli chifukwa cha zimene amamva za maulendo ena a pa Pacific. Kumwamba kumene ndege zimadutsa kuli mphepo yamphamvu imene imaomba kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa, ndipo pamwamba pa Japan imakula kwambiri m'nyengo yozizira. Ndege yochoka ku Tokyo kupita ku Honolulu, ku Hawaii, imakankhidwa nayo kumbuyo n'kufika m'maola pafupifupi 7, koma pobwerera imalimbana nayo ndipo ulendo umapitirira maola 8. Ndege ya ku Guam siiyenda motsatira mphepoyo kapena molimbana nayo. Imangoidula chopingasa, ndiponso kwa kanthawi kochepa ikayandikira Japan.

Nanga mawotchi amasiyana bwanji?

Guam ili patsogolo pa Japan ndi ola limodzi. Ikakhala 12 koloko masana ku Tokyo, ku Guam imakhala 1 koloko. Malo onse awiri sasintha mawotchi ndi nyengo, choncho kusiyanaku kumakhala chomwecho chaka chonse.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka powerenga tikiti. Ndege ikanyamuka ku Guam 7 koloko m'mawa n'kuyenda maola anayi, tikiti imaonetsa kuti yafika 10 koloko, ngati kuti yayenda maola atatu. Pobwerera ola lija limabwezedwa: kunyamuka ku Narita 11 koloko, kufika ku Guam cha m'ma 3:40 masana. Munthu angaganize kuti njira yobwerera ndi yaitali, pomwe ndi yomweyo.

Poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, Japan ili patsogolo ndi maola 7, Guam ndi maola 8. Ndipo popeza Guam ili kumadzulo kwa mzere umene tsiku limasinthira, kumacha Lolemba kumeneko pomwe ku Hawaii ndi ku California likadali Lamulungu. N'chifukwa chake chilumbachi chimadzitcha malo amene tsiku la America limayambira.

Tokyo ili ndi mabwalo awiri a ndege. Lapafupi ndi liti?

M'mlengalenga Narita ndi Haneda sasiyana kwenikweni, onse ali pa makilomita pafupifupi 2,500 kuchokera ku Guam. Kusiyana kumadzaonekera pansi. Bwalo la Narita, limene linatsegulidwa mu 1978, silili mu Tokyo n'komwe. Lili m'chigawo cha Chiba, makilomita pafupifupi 60 kuchokera pakati pa mzinda. Sitima ya Narita Express imatenga pafupifupi ola kukafika ku siteshoni yaikulu ya Tokyo, ndipo ya Skyliner imatenga mphindi pafupifupi 40 kukafika ku Ueno. Haneda ili m'mphepete mwa gombe la mzindawo, makilomita osapitirira 20 kuchokera pakati. Kwa zaka zambiri ndege za ku Guam zinkatera ku Narita kokha, koma mu 2024 kampani ya United Airlines inayambitsanso ulendo wa ku Haneda. Ngati mitengo ya matikiti siikusiyana kwambiri ndipo mukukagona mumzinda, Haneda ndi yabwinopo.

Mbali ya Guam kulibe vuto limeneli. Chilumba chonse ndi chachitali makilomita 50 okha, ndipo kuchokera pa bwalo la ndege kukafika ku mahotela a ku Tumon ndi mphindi 10 kapena 15 pa galimoto.

Pali kenanso koseketsa. Mwa malamulo a Japan, zilumba za Ogasawara, zomwe zili makilomita 1,000 kumwera kwa mzindawo, zili pansi pa boma la mzinda wa Tokyo. Chilumba cha Iwo Jima nacho chili m'gulu lomwelo. Ndiye munthu wokonda mtsutso atha kunena kuti ndege yochoka ku Guam imafika "ku Tokyo" itangoyenda theka la ulendo. Koma wofuna kupita ku chilumba cha Chichijima, kumene anthu ambiri a ku Ogasawara amakhala, ayenera kukafika kaye mumzinda n'kubwereranso kumwera pa sitima yapamadzi kwa maola 24, chifukwa kulibe bwalo la ndege.

Ndege imadutsa pamwamba pa chiyani?

Pamwamba pa nyanja ya Philippines, yomwe ndi mbali ya Pacific. Ikangonyamuka, zilumba za Rota, Tinian ndi Saipan zimatsalira kudzanja lamanja. Pakati pa ulendo imadutsa chakum'mawa kwa Iwo Jima ndi kufupi ndi zilumba za Ogasawara, kenako imalowera ku gombe la Honshu, chilumba chachikulu cha Japan. Zilumba zonsezi n'zing'onozing'ono ndipo mitambo imazibisa kawirikawiri, choncho musadalire kuti muziona.

Ambiri amafunsa ngati ndege imadutsa pamwamba pa malo akuya kwambiri padziko lonse. Ayi. Malo amenewo, otchedwa Challenger Deep, ali m'chiphompho cha Mariana, ndipo kuya kwake ndi pafupifupi mamita 10,900. Ali kumwera chakumadzulo kwa Guam, makilomita pafupifupi 300, pomwe ndege ya ku Tokyo imalowera kumpoto. Kuya kumeneko kukufanana ndi kutalika kumene ndege imauluka pamwamba pa madzi, mamita 10,000 kapena 11,000.

Injini itazima pakati pa nyanja, zingathe bwanji?

Ndege zambiri za njira imeneyi ndi za injini ziwiri, monga Boeing 737, ndipo zinapangidwa kuti zithe kuuluka ndi kutera ndi injini imodzi. Lamulo lakale linkati ndege ya injini ziwiri isatalikire bwalo loti ingatere kupitirira mphindi 60. Masiku ano makampani amene asonyeza kuti ndege zawo n'zodalirika ndipo amazikonza mwadongosolo amapatsidwa chilolezo cha mphindi 120 kapena 180, chimene akatswiri amachitcha ETOPS. Pakati penipeni pa ulendo wa Guam ndi Tokyo ndege imakhala makilomita 1,250 kuchokera mbali iliyonse, ndipo mafuta amawerengeredwa kale kuti akwanire kubwerera ku Guam kapena ku Saipan, kapena kupitirira mpaka ku Japan.

Ngati Guam ili pafupi chonchi ndi Japan, bwanji ili ya America?

Funso ili ndi limene likufuna kukhalira pansi. Eni nthaka ndi Achamorro, amene akhala pa zilumba za Mariana, zomwe Guam ndi chimodzi mwa izo, kwa zaka zoposa 3,000. Woyenda panyanja Ferdinand Magellan anafika ku Guam mu March 1521, ndipo Spain inalamulira chilumbachi kwa zaka mazana, chikumakhala popumira zombo zoyenda pakati pa Acapulco ku Mexico ndi Manila ku Philippines. Mu 1898 Spain itagonja pa nkhondo yake ndi United States, Guam inaperekedwa kwa Amereka. Zilumba zina za Mariana zinagulitsidwa kwa Germany, ndipo Japan inazilanda mu 1914. Motero Saipan, imene ili makilomita pafupifupi 200 okha kuchokera ku Guam, inakhala m'manja mwa Japan pomwe Guam inali ya America.

Pa 8 December 1941, maola ochepa Japan itaphulitsa doko la America la Pearl Harbor ku Hawaii, ndege za Japan zochokera ku Saipan zinaponya mabomba pa Guam, ndipo pa 10 December chilumbachi chinagwa. Achamorro anazunzika kwambiri m'zaka ziwiri ndi theka zotsatira. Asilikali a America anabweranso pa 21 July 1944, tsiku limene anthu a ku Guam amakumbukirabe chaka ndi chaka.

Chimene America inkafuna pa zilumbazi ndi mtunda womwe tikukambawu. Ndege zake zatsopano zoponya mabomba, za mtundu wa B-29, zinkatha kuchoka ku Guam, Saipan kapena Tinian, kukafika ku Japan n'kubwerera osathiranso mafuta, ulendo wa makilomita pafupifupi 5,000 ndi maola ngati 15. Ndege zimene zinatentha Tokyo usiku wa pa 9 kulowa 10 March 1945, n'kupha anthu pafupifupi 100,000, zinanyamukira pa zilumba zitatu zimenezi. Imene inaponya bomba la atomiki ku Hiroshima pa 6 August 1945 inachokera ku Tinian. Ndipo nkhondo yoopsa ya ku Iwo Jima, mu February ndi March 1945, inamenyedwa pa kachilumba kamene kali pakati pa njirayo, komwe pambuyo pake ndege zowonongeka zinkatera.

Kuyambira mu 1950 obadwira ku Guam ndi nzika za United States. Ndalama yawo ndi dola ya America, koma savota nawo posankha pulezidenti, ndipo nthumwi yawo ku nyumba ya malamulo ku Washington ilibe voti pa malamulo. Antonio B. Won Pat, amene bwalo la ndege linatengera dzina lake, ndiye anali nthumwi yoyamba. Asilikali akadalipobe: kumpoto kuli bwalo la ndege za nkhondo la Andersen, kumadzulo kuli doko la Apra.

Anthu a ku Japan anayamba liti kupitako kokacheza?

Zitseko zitatu zinatsekuka motsatizana. Mu 1962 boma la America linachotsa lamulo loti aliyense wopita ku Guam ayambe wapempha chilolezo kwa asilikali apamadzi. Mu 1964 Japan inalola nzika zake kupita kunja kongoyenda. Mu 1967 kampani ya Pan Am inayamba kuulutsa ndege pakati pa Tokyo ndi Guam. Kwa munthu wa ku Tokyo, Guam inali gombe lotentha, lolankhula Chingerezi, logula zinthu ndi madola, koma lofikika m'maola osakwana anayi, pomwe Hawaii ili pa makilomita 6,200. Ongokwatirana kumene anayamba kukhamukirako, ndipo mahotela a ku Tumon anakula ndi ndalama zawo.

Zinthu zasintha. Mu 2017 alendo ochokera ku South Korea anaposa a ku Japan kwa nthawi yoyamba. Mu 2019, mliri wa COVID-19 usanagwe, chilumba cha anthu pafupifupi 154,000 chinalandira alendo oposa 1.5 miliyoni.

Pali nkhani ya munthu mmodzi imene imasonyeza kufupika ndi kutalika kwa njirayi. Shoichi Yokoi, msilikali wa Japan, anathawira m'nkhalango mu 1944 ndipo anakhala mobisala zaka pafupifupi 28, mpaka alenje awiri anamupeza kufupi ndi mtsinje wa Talofofo mu January 1972. Zaka zomalizirazo ndege zodzaza ndi anthu akwawo zinali zikutera kale pa chilumba chomwecho. Iye anakwera ndege n'kukatera ku Haneda.

N'zoona kuti wochoka ku Guam kupita ku America amadzera ku Tokyo?

Ambiri amatero. Palibe ndege ya anthu wamba imene imachoka ku Guam n'kukatera ku California kapena kwina kulikonse ku mtunda waukulu wa America osaima. Munthu amasankha kudzera ku Honolulu, makilomita 6,100 kum'mawa, kapena ku Tokyo. Pa mapu apakhoma kudzera ku Tokyo kumaoneka ngati kubwerera m'mbuyo, koma mapu oterowo amanamiza chifukwa dziko ndi lobulungira. Tengani mpira wa dziko ndi kachingwe muyese. Wopita ku New York kudzera ku Narita amayenda makilomita 2,500 kuphatikiza 10,800, onse pamodzi pafupifupi 13,300. Kudzera ku Honolulu ndi 6,100 kuphatikiza 8,000, zomwe zikupitirira 14,000. Wopita ku Los Angeles ndiye amapindula ndi njira ya ku Honolulu.

Ilipo njira ina ya ofuna kuona zilumba. Ndege ina ya United imachoka ku Guam kupita ku Honolulu ikuima ku Chuuk, Pohnpei, Kosrae, Kwajalein ndi Majuro, ngati basi yotsitsa ndi kukweza anthu m'njira. Imatenga tsiku lathunthu.

Mizinda ina ya ku Asia ili patali bwanji?

Nagoya ndi Osaka ili pa makilomita pafupifupi 2,500, chimodzimodzi ndi Tokyo, chifukwa gombe la kumwera kwa Honshu lapindika mokhala ngati likuzungulira Guam. Manila ili pa 2,570. Bwalo la Incheon ku Seoul lili pa 3,200, ulendo wa maola anayi ndi theka. Mizinda yonseyi ili pafupi ndi Guam kuposa Honolulu.

Ndi miyezi iti imene ndege zimasokonekera?

Guam ili m'dera limene anamondwe a kumadzulo kwa Pacific amabadwira, ndipo ambiri a iwo amakhotera kumpoto kulowera ku Japan. Ndiye namondwe mmodzi atha kutseka bwalo la ku Guam sabata ino n'kukasokoneza la Narita sabata yamawa. Nyengo ya mvula ku Guam ndi kuyambira July mpaka November, ndipo ku Japan anamondwe amachuluka mu August ndi September. Koma kalendala siiwamanga. Namondwe Pongsona anagunda Guam mu December 2002, ndipo Mawar anafika pa 24 May 2023, n'kutseka bwalo la ndege kwa masiku angapo, alendo zikwi atasowa pothawira. Miyezi ya January mpaka April ndi yodekhako.

Wopita m'miyezi imeneyo asaiwale jekete. Ku Guam kumatentha madigiri 27 pafupifupi chaka chonse, koma ku Tokyo mu January kumazizira mpaka madigiri 5 kapena kutsika apo. Mumanyamuka mutavala malaya a manja aafupi, pomatuluka m'ndege mano akugundana.

Kodi pali sitima yapamadzi?

Yonyamula anthu mwa ndandanda palibe. Zilipo zonyamula katundu, ndipo nthawi zina sitima zoyendetsa alendo zimaimako. Sitima yothamanga makilomita 37 pa ola ingatenge maola pafupifupi 68, kungotsala pang'ono kukwana masiku atatu.

Munthu wochokera ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare angafike bwanji, ndipo pamafunika zikalata zanji?

Njira yosavuta kuimvetsa ndi ya Ethiopian Airlines: kukafika ku Addis Ababa, kukwera ndege yopita ku Incheon imene imapitirira mpaka ku Narita, kenako kukwera ina ya ku Guam pa limodzi mwa mabwalo awiriwo. Kachigawo ka Guam ndi kakafupi pa ulendo wonsewo, ndipo ndi kudikira kwa m'mabwalo munthu amatha tsiku ndi theka kapena masiku awiri ali m'njira.

Chovuta si mtunda koma viza. Polowa ku Guam malamulo ake ndi a United States. Pali dongosolo lapadera limene limalola nzika za mayiko ena, monga Japan ndi South Korea, kulowa ku Guam ndi ku Northern Mariana Islands popanda viza kwa masiku 45, koma Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mulibe m'dongosolo limenelo. Mufunika viza ya America ngakhale mukungodutsa. Ngati mukufuna kutuluka pa bwalo la ndege ku Tokyo kukaona mzinda, mufunikanso viza ya Japan. Malamulo a viza ya America akhala akusinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe musanagule tikiti.

Ndinamva kuti katundu wochoka ku Guam amanunkhizidwa ndi agalu pofuna njoka. N'zoona?

N'zoona, makamaka katundu wa malonda ndi wa asilikali. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, njoka ina yofiirira yokwera m'mitengo inalowa pa chilumbachi, ndipo akuti inabisala m'katundu wa asilikali. Ku Guam kunalibe chilombo choidya, ndipo mbalame za kumeneko sizinkadziwa njoka yoteroyo. Inaswana n'kumaliza mitundu yambiri ya mbalame za m'nkhalango, komanso imazimitsa magetsi ikakwera pa mawaya. Zilumba zina, makamaka Hawaii ndi Saipan, zimaopa kuti ingawafikire, ndipo ulendo wa maola ochepa m'chipinda cha katundu njoka imatha kuupirira. N'chifukwa chake m'mipanda ya bwalo la ndege ndi ya doko muli misampha, ndipo agalu ophunzitsidwa amanunkhiza mabokosi asanakwezedwe.